Tepi Imodzi, Banja Limodzi

Uthenga wa Minori unawerengedwa ndi anthu 43 pasanathe ola, ndipo palibe anayankha. Foni imaonetsatu, sibisa. Anthu omwewa amene oyimbira akangolakwitsa pang'ono amadzaza gulupu ndi matukwano mpaka batire kutha, lero zala zawo zonse zinali zitatupa.

Komatu zomwe analembazo sizinali zovuta: "Ine ndi Kasumi tatenga setifiketi yathu ya banja ku khonsolo dzulo. Loweruka tikupempha mbendera." Kungoti Minori ndi Kasumi onse ndi akazi.

Kwa masapota a Kurohama mbendera si nkhani yamasewera. Timu yawo imatchedwa Nkhanu, akuti chifukwa cha nkhanu za padoko, ngakhale aliyense amene anaionerapo amadziwa kuti dzinalo ndi la mpira wongopita chammbali. Zaka khumi ndi zinayi mu ligi yachiwiri, chikho amangochiona pa TV. Nde chonyadira chomwe chinatsala ndi chinsalu chofiira, chachikulu ngati denga la sukulu, chomwe amatambasula kuseri kwa golo. Sapota akalowa m'banja amaimikidwa pansi pake ndi mnzakeyo mpira usanayambe, mtsogoleri n'kutchula maina awo pa chimkuzamawu, ng'oma n'kulira, gulu lonse n'kuwaimbira. Minori anali atagwirapo ngodya ya chinsalucho maulendo khumi ndi kamodzi. Mwa mabanja amenewo anayi anatha kalekale, koma mbendera sinafunseko aliyense funso.

Patatha maola awiri wina anatumiza kachithunzi ka chimbalangondo chikuwerama. Kenako a Ebihara, mtsogoleri wa gulu, analemba: "Zikomo potidziwitsa. Tikambirana."

"Ati bwanji?" anafunsa Kasumi ali kukhitchini.

"Ati akambirana."

"Basi takalamba."

Kasumi mpira sankaukonda. Anayamba kupita ku bwalo zaka eyiti zapitazo chifukwa cha Minori, mpaka analoweza nyimbo zonse, ndi zopanda nzeru zomwe. Anabwera n'kuima pakhomo la khitchini akupukuta m'manja.

"Ndikuuziretu, Mino. Zaka eyiti ndine 'mnzake wa Minori.' Ndawakulungira mpunga wa pa ulendo, mbendera yawoyo itang'ambika ndinasoka ndine. Akakana Loweruka, thaulo langa la Nkhanu likhala lopukutira mbale, ndipo kumeneko sindidzapondako."

Ananena osakwiya, ndipo ndi zimene zinamuopsa Minori. Iyeyo anayamba kuima kuseri kwa golo ali ndi zaka khumi ndi zisanu. Loweruka lopanda bwalo sankalidziwa, koma bwalo lopanda Kasumi pambali pake sankafuna n'kuliganizira komwe.

Miting'i inachitika Lachinayi poweruka, kumalo odyera a mayi Shinoda, amenenso ali mu komiti. Aliyense anaikiridwa mbale ya soba, chakudya chonga supageti.

"Choyamba, tonse pano ndife okondwa," anayamba a Ebihara. "Okondwa kwambiri. Si choncho?"

Mitu inagwedezeka. Minori anawerenga anthu okondwa asanu ndi mmodzi, onse akuyang'ana m'mbale ngati muli nkhani.

"Iwe Minori umandidziwa, ine vuto ndilibe. Mu Juni muja ndinagula mathaulo a utawaleza awiri."

"Ndinaona. Limodzi munapukutira ng'oma."

"Inanyowa." A Ebihara anakonza pakhosi. "Nde ganizo lathu ndi lakuti mudikire Juni. Kalabu imachita tsiku la utawaleza, lolemekeza anthu ngati inu, kumabwera ojambula, mudzayenda pakati pa bwalo penipeni ndi chidole cha Nkhanu chija. Zapamwamba kuposa mbendera."

"Chidole sindikuchifuna, a Ebihara. Ndikufuna chinsalu chonunkha nkhungu chomwe munaimikapo a Morioka kawiri, ndi akazi osiyana."

A Morioka, oimba ng'oma, anatsamwa. Wina anawapatsa madzi.

"Vuto ndi malamulo," anatero a Ebihara, akutulutsa pepala lopindapinda. "Ndime yachisanu ikuti mbendera ndi ya banja. Tsono mawu akuti banjawa, masiku ano, akufunika kuwaunika bwinobwino. Tapanga kakomiti."

"Kakumana liti?"

"Nyengo ya mpira ikatha."

Loweruka anali masewera omaliza a pakhomo. Aliyense patebulopo ankadziwa.

Mayi Shinoda anamusisita padzanja. "Mwanawe, si ife ayi. Ndi anthu. Anthu sanakonzeke."

"Anthu ake ati, mayi?"

"Anthu basi."

Minori anasuzumira pansi pa tebulo, mwina anthuwo abisala pamenepo. Panali nsapato zokhazokha. Anamaliza soba yake, chifukwa kukwiya ndi kwina, soba ya mayi Shinoda ndi ina, ndipo kunyumba anangomuuza Kasumi kuti mawu akuunikidwa.

Munthu mmodzi sanabwere ku miting'iyo: a Kuwabara, oyang'anira mzere. Ma miting'i sapitako, amati anthu amalankhula mosatsata nambala.

Za mzerezo zili chonchi. Malo a kuseri kwa golo alibe manambala, woyamba kulowa ndi amene amaima kutsogolo. Nde m'mawa wa masewera aliyense amamata tepi pansi, panja pa geti, n'kulembapo nambala ndi dzina, kenako n'kupita kukadya. Ileveni koloko a Kuwabara amaitana manambala, anthu n'kulowa motsatana. Lamulo ndi limodzi, lili mu ndime yachiwiri: tepi imodzi, banja limodzi. Kulembera mnzako ndi kuba malo. A Kuwabara anapuma ntchito ya ku siteshoni ya sitima, koma magolovesi oyera sanapume nawo. Amayenda ndi kachitsulo komatulira, ndipo chifundo anachisiya kusiteshoni komweko. Chaka china anamatula tepi ya a Ebihara enieniwo chifukwa analembapo msuweni wawo. Mtsogoleri wa gulu analowa wa nambala 212, akuonera mpira kumbuyo kwa mitu ya anthu.

Zaka eyiti zonsezi Minori ankalemba maina awiri pa tepi imodzi, osaganizira n'komwe. M'mawa wa Loweruka anagwada pa simenti yozizira, cholembera m'manja, mkwiyo wa Lachinayi usanaphwe. Anadula matepi awiri. Pa 7 analemba dzina lake. Pa 8 analemba kuti "Kasumi, mnzake wa Minori," n'kusiya kampata pakati, kuti mawu akamaunikidwa asasokonezeke.

Kasumi atafika anawerenga n'kupukusa mutu. "Uli serious?"

"Ndikutsata malamulo."

Kasumi anakaima pa 8, thaulo lili m'chikwama, osati m'khosi.

Ileveni itakwana a Kuwabara anayamba. Wani. Thuu. Pa seveni anaima. Anawerama, anawerenga, anawerenganso.

"Ichi n'chiyani?"

"Matepi, bambo."

"Ndikuona kuti ndi matepi. Nyumba imodzi matepi awiri? Mukudyera anthu malo."

"Komiti yati sizikudziwika ngati ndife banja. Akuunika."

"Akuunika chiyani?"

"Mawuwo."

A Kuwabara anapinda pepala lawo la manambala pang'onopang'ono n'kuliika m'thumba. Mzere wonse unaona, ndipo amene amawadziwa anayamba kuyang'ana wotchi.

"A Ebihara. Tabwerani."

A Ebihara anabwera ndi chimkuzamawu m'khwapa, akumwetulira kumwetulira kwa munthu amene anaimapo pa 212.

"Tepi ya ana awa ndaidutsitsa zaka zisanu ndi zitatu. Mukundiuza kuti nthawi yonseyi ndakhala ndikulakwitsa?"

"Ayi bambo, palibe akunena zimenezo."

"Nde ndi banja."

"Eee, kumbali ya mzere, tinganene kuti..."

"Malamulo ndi pepala limodzi, a Ebihara. Ndinataipa ndine. Banja la ndime yachiwiri ndi lomwelo la ndime yachisanu, silisintha likatsika m'munsi. Ngati ali banja, tepi ndi imodzi ndipo mbendera ndi yawo. Ngati sali banja, mzere uno wakhala wachinyengo zaka zisanu ndi zitatu, ndipo sindiitana nambala ina mpaka tiunike."

"Tiunike chiyani?"

"Mzere. Ndipanga kakomiti."

Mpaka lero palibe akudziwa ngati mkuluyo ankaseka. Nkhope inali ya kusiteshoni.

Geti linali lotsegula kale. M'kati masapota a timu yobwera anali atayamba kuimba, pabwalo la eni ake, kuseri kwa golo la Nkhanu kulibe ndi munthu mmodzi yemwe. Komatu palibe analumpha mzere. Anthu mazana atatu, geti lili pululu patsogolo pawo, anangoima pa matepi awo ngati nawonso amatidwa. Nkhani inayenda kuchokera pa 9 kupita kumbuyo, pakamwa ndi pakamwa, ndipo pamene inkabwerera inali itafupika.

"Vuto n'chiyani kutsogoloko?"

"Mbendera ya Minori ndi Kasumi."

"Aa, mesa anakwatirana kalekale amenewo?"

"Ebihara, apatseni nsaluyo, mowa ukutentha m'katimo!"

Minori anacheuka kuwayang'ana mayi Shinoda, amene anali pa 15. Anthu aja anali atapezeka. Kukonzeka kwawo kunatenga mphindi zinayi.

A Ebihara anayang'ana geti, anayang'ana kachitsulo ka a Kuwabara, kenako ananena kuti komiti, itaunika mozama, yaona kuti palibe choletsa. A Morioka anagwedeza mutu ngati analipo pounikapo.

A Kuwabara anagwada, anamatula tepi ya 8, anaikulunga n'kumupatsa Kasumi m'manja. "Zinyalala mutenge. Seveni, anthu awiri, lowani."

Podutsa, Minori anaima pang'ono. "Bambo, munadziwa liti?"

"Chaka choyamba ndinabwera kuti ndimatule tepi yanu. Ndinapeza uyu akukukalipira chifukwa choiwala ambulera. Ndakhala m'banja zaka makumi anayi, mawu amenewo ndimawadziwa." Anatulutsanso pepala lawo. "Zina zonsezo musandifotokozere, sindinafunse. Mukuchedwetsa mzere. Naini."

Mpira utatsala pang'ono kuyamba anatambasula mbendera. Aka kanali koyamba Minori kuiona kuchokera pansi, osagwira ngodya. Kunali kofiira konsekonse, fumbi likugwera m'maso, fungo la nkhungu ndi mowa wa zaka khumi ndi zinayi. Kasumi anali atatulutsa thaulo lake nthawi ina yake, Minori osaona.

Chimkuzamawu chinalira kaye ngati mphaka wopondedwa. "Lero tili ndi Minori," anatero a Ebihara, "ndi mnza..."

Kasumi anawasuzumira kudzera pansi pa nsaluyo. Anangowayang'ana basi, mmene amayang'anira munthu woiwala ambulera.

"Ndi mkazi wake, Kasumi."

Ng'oma inagunda. Anaimba nyimbo yomwe ija, yosokonekera momwemo, ena akuyamba ena akumaliza. Kumbali ina bambo wina anapinda manja osaimba, awiri ena anasankha nthawi imeneyo kupita kuchimbudzi. Minori anawaona ndipo anawasunga m'mutu. Koma nyimbo inafika kumapeto osawadikira.

Kasumi analoza m'mwamba. "Taona, apo ndinasoka mokhota."

"Ukulira?"

"Ndi nkhungu iyi. Sachapa anthu amenewa."

Nkhanu zinaluza 3-0, zigoli ziwiri chifukwa chopatsirana chammbali. Ali m'sitima pobwerera, foni ya Minori inkangonjenjemera. Gulupu inali itachira matenda a zala. Aliyense akuti anali kumbali yawo kuyambira pachiyambi. Mayi Shinoda anatumiza mitima isanu ndi iwiri. A Ebihara analemba ndime yaitali yonena kuti gulu lawo lakhala lotsogola nthawi zonse pa nkhani zimenezi, n'kuikapo chithunzi cha thaulo lija silinapukutire ng'oma. A Kuwabara sanalembe kanthu, foni yawo ndi yamabatani.

Kunyumba Kasumi anayanika thaulo lake pakhonde, kutali ndi mbale. Kampira ka tepi kaja anakapeza m'thumba la jekete. Anakayang'ana, anatsegula bini, kenako anakaponya m'dirowa momwe muli setifiketi.

"Masewera oyamba chaka chamawa ndi liti?"

"Febuluwale."

"Timu yoipa chonchi, kuzizira konse kuja." Anatseka dirowa. "Ugule tepi yabwino. Yakoyi simata."