Kabuku ka Zipolopolo

Pa esiteti ya mayi Olive ku Kaomba panali mfuti imodzi yokha, chifefe chimene anasiya malemu amuna awo, ndipo woigwira anali a Jeremiya. Ntchito yawo inali kupirikitsa anyani amene ankatsika m'phiri kudzakolola chimanga chimene sanalime. Zipolopolo n'zosowa, choncho makoko ake sankataya. Ankawatola, kuwadzazanso, n'kuwatseka bwinobwino. Zipolopolo zina ankaikamo mtovu, zina zinali za phokoso chabe, zoopsezera. Zikatsekedwa zinkafanana ngati mazira a nkhuku imodzi. N'chifukwa chake koko lililonse ankalilemba nambala, ndipo m'kabuku kofiira ankalembamo nambalayo, tsiku lake, ndi zimene zili m'kati.

Kabukuko ankakanyadira kuposa jekete lawo la ku tchalitchi. "Mfuti ilibe mlandu, wamlandu ndi woiwala," ankatero kwa aliyense, wofunsa ndi wosafunsa yemwe. Ankakabisa m'denga la chigafa chowumitsiramo fodya, momwe munkagwira ntchito Yobu, tenanti wochokera ku Dedza.

Koma munthu salephera kukhala ndi kake. A Jeremiya anali mkulu wa mpingo, yemwe pa guwa ankadzudzula osuta mpaka thovu kukamwa, ndipo iwo eni ake ankasuta. Chilakolako chikawagwira masana, ankazembera kuseri kwa chigafa, kufikisa katsamba kouma, n'kusakasaka pepala lopichirira. Pepala lofewa bwino linali m'denga momwemo. Anayamba ndi mapepala a kumapeto, osalembedwa. Atatha amenewo anayamba kung'amba olembedwa, akudzinamiza kuti manambala onse ali m'mutu.

Lachiwiri lina m'mawa anyani anatsika chigulu. A Jeremiya anatola chipolopolo cha nambala 41, n'kutsegula kabuku. Pa 36 panatsatana ndi 49. Anaima pang'ono, kenako mtima unawauza kuti 41 n'cha phokoso. Poti chinali choopsezera, sanavutike n'kuloza kumwamba. Anangolozetsa cha kumalire a munda, kumene kumadutsa njira ya ku mjigo.

Mfuti italira, kunamveka kukuwa kwa munthu wamkazi.

A Jeremiya anathamangira komweko. Anapeza Rute, mkazi wa Yobu, ataima panjira, mwana ali kumsana, ndowa ikadali pamutu. Madzi ankatuluka pa timabowo tinayi, kuyenderera kumaso kwake ndi pa mwanayo. Sanavulale. Koma kuchokera pa bowo la m'munsi kufika pa mutu wake panali zala zitatu zokha.

Masana mayi Olive anaitanitsa onse pansi pa mtengo wa mango. Anali mayi osakweza mawu, ndipo anthu ankawaopera chomwecho.

"A Jeremiya, inu simuphonya. Chachitika n'chiyani?"

"Ndimayesa n'cha phokoso, mayi."

"Mumayesa? Nanga kabuku kaja kanati chiyani?"

A Jeremiya anapereka kabukuko. Mayi Olive anatsegula, n'kuyendetsa chala pa zitsa za mapepala ong'ambidwa. Kenako anamasula nsonga ya chitenje n'kutulutsa tizidutswa titatu ta ndudu, timene anatola kuseri kwa chigafa. Pa kamodzi pankaonekabe manambala olembedwa ndi dzanja la a Jeremiya.

"Wina wakhala akusuta kabuku kanu," anatero, natembenukira kwa Yobu. Palibe anadabwa. Yobu ankasuta poyera, ndudu ili kukhutu ngakhale pa maliro.

"Mayi, ine kusuta ndimasuta," anatero Yobu, chipewa chili m'manja. "Koma pepala langa ndi la nyuzi. Kabuku ka abambowa sindinakakhudzepo."

"Ndiye ndani? Chigafa n'chako. Ukanapha mkazi wako wekha chifukwa cha utsi. Loweruka ndisakuone pano."

Fodya wa Yobu anali ali m'chigafa, wa chaka chonse, atangoyamba kufiira. Kuchoka Loweruka kunali kumusiya yense n'kubwerera ku Dedza chimanjamanja, ndi ana atatu.

A Jeremiya anangoti zyoli. Ankadikira kuti Yobu awatchule, pakuti kawiri konse anawapezerera kuseri kuja utsi uli tolo, n'kuyang'ana kumbali ngati sanaone. Koma Yobu sanawatchule. Tenanti angaloze chala mkulu wa mpingo, mwini mudzi, n'kumveka? Anangovala chipewa chake. Kukhala chete kumeneko kunawawawa a Jeremiya kuposa kutukwanidwa. Manyazi anawagwira, osati a kusuta okha ayi, koma oti aima pamenepo nthawi yonseyi akuwerengera kuti mwina nkhani ithera pa Yobu.

Yobu atayenda mapazi angapo, a Jeremiya anapisa dzanja m'thumba la malaya. Munali ndudu imene anapichira dzulo lake, yoti asute anyani akathawa.

"Mayi, taimani. Yobu, bwerera."

Anaimasula pang'onopang'ono anthu onse akuona. Fodya anagwera pa nsapato zawo. Anawongola kapepalako pa bondo, n'kukapereka ndi manja awiri. Mayi Olive anawerenga mokweza, chifukwa zolemba za a Jeremiya zinali zooneka bwino ngati za mphunzitsi.

"Nambala 41. Cha mtovu."

Panalibe woseka, ngakhale amayi osoka fodya amene anabwera kudzaonerera. Bola akanaseka.

"Linali m'thumba mwanu pamene mumaombera?" anafunsa mayi Olive.

"Linali momwemo, mayi. Onse aja ndinang'amba ndine."

Mayi Olive anatseka kabuku kaja. Anauza Yobu kuti akhazike mtima pansi abwerere ku chigafa. Mfuti anati ikalowe m'nyumba, ndipo zipolopolo zonse zotsala asazikhudzenso munthu, popeza panalibenso wodziwa kuti china n'chiti. Za ku mpingo sananenepo kanthu. Panalibe chifukwa, amayi osoka fodya aja onse anali a Mvano.

Anthu akubalalika, Rute anabwera ndi ndowa ija. Anagwada monga amagwadira kwa akuluakulu, n'kuiika pa mapazi awo.

"Abambo, iyi sitingatungirenso. Itengeni ndinu, musungiremo mapepala."

Sananene mwachipongwe, ndipo a Jeremiya anasowa poyang'ana. Ananyamula ndowayo. Njira ya kwawo inkadutsa kutsogolo kwa zigafa zonse zisanu ndi chimodzi, ndipo yolambalala kunalibe.