Chitini cha Makapisozi

Ndayenda kwambiri, ndipo anthu amandiululira zinthu podziwa kuti sadzandionanso. Nkhani iyi ndinaimva mu 1994 pokwerera mabasi ku Chipinge, kwa mayi Otilia, wothyola tiyi, wobadwira komweko koma makolo ake a ku Mulanje. Anali atafumbata jombo imodzi.

"Inzake ili kuti, mayi?" ndinafunsa.

"Sekuru, mumafunsa ngati wapolisi. Khalani pansi."

Kukomboni kwawo kunali mwambo. Munthu akapatsidwa makapisozi kukiliniki n'kuyamba kupeza bwino, sankamaliza. Otsalawo ankawapereka kwa Otilia, iye n'kusunga m'chitini cha tiyi. Wa chifuwa ankalandira awiri, wa m'mimba atatu. Pa chilonda ankatsegula kapisozi n'kuwaza ufa wake. Anthu ankamuyamika kuti ndi wamtima wabwino.

Nyengo yodulira tiyi, mwamuna wake Kalebe anadzitema ndi chikwanje pamsongolo.

"Tipite kuchipatala, bambo a Jesca," anatero Otilia.

"Chipatala si ndinakwatira chomwechi?" anaseka Kalebe. "Tsegulani chitini."

Milungu itatu akumwa awiri lero, mmodzi mawa. Mwendo unatupa, mafinya n'kusanduka obiriwira. Pofika kuchipatala anali womunyamula.

Anamubaya jekeseni wina, kenako wina, thupi osazizira. Madokotala anatumiza mafinya kokayeza. Zotsatira zitabwera, nesi wina, Sisita Tabeth, anamufotokozera Otilia pakhonde. Anati tizilombo ta m'mafinyamo amatimeretsa m'kambale, n'kuikamo timapepala ta mankhwala osiyanasiyana. Mankhwala akakhala ndi mphamvu, tizilombo timafa kuzungulira kapepalako. Ta Kalebe tinamera mpaka kukhudza timapepala tonse kupatula kamodzi, ndipo mankhwala akewo kuchipatalako kunalibe.

"Ndamupha ndine?" Otilia anafunsa.

"Sindinganene choncho, amai. Tizilombo totere timapezekanso m'mawodi mwathu muno. Koma mankhwala omwa mwatheka amapha tofooka, n'kusiya tolimba kuti tiswane."

Anadikira mankhwala a ku Harare masiku asanu, kuwola kukukwera kulinga kubondo. Tsiku lachisanu ndi chimodzi dokotala anati asankhe, mwendo kapena moyo.

Kalebe anati, "Mai a Jesca, wothyola tiyi wa mwendo umodzi munamuonapo?"

"Ayi. Koma wamasiye ndawaona ambiri."

Anadula pamwamba pa bondo.

Tsiku limene ndinakumana nayelo Otilia ankapita kukamutenga Kalebe kuchipatala, n'chifukwa chake jombo inali imodzi. Chitini anali atachiponya m'chimbudzi. Dzulo lake mnzake Loness anabwera kudzapempha makapisozi awiri a chifuwa, iye n'kumuuza kuti apite kukiliniki ndipo akamwe onse. Loness anachoka akung'ung'udza kuti Otilia wayamba kuumira.

"Zaka khumi ndi ziwiri ndinali wamtima wabwino," anatero Otilia, akupukuta fumbi pajomboyo ndi nsalu yake. "Ino ndi yakumanzere. Ndinayang'ana kawiri ndisananyamuke."