Chitenje cha pa Nkhokwe

Chisomo anayamba kumera mano mu Febuluwale, mwezi umene thonje limafuna kupopera, mtedza umafuna khasu, ndipo mvula ya kwathu ku Kasenengwa siilola chovala kuuma. Mwanayo analira masabata awiri. Ndikamuyamwitsa ankaluma bere, ndikamubereka ankandikoka tsitsi, ndikamugoneka pamphasa ankakuwa mpaka agalu apamudzi kumuyankha. Ndalera ana atatu iye asanabadwe, koma uyu yekha ndiye anandifikitsa poiwala mchere m'ndiwo masiku atatu otsatizana. Ndinali nditatopa mpaka m'mafupa.

Mwamuna wanga Alfonsi anali ndi sipuleya yoberekera kumsana, yopopera mankhwala a mbozi m'thonje. Sipuleyayo inkadontha pachivundikiro kuyambira chaka chatha. Ndinanena, ndinanenanso, yankho n'kumakhala lomwelo loti adzagula ina thonje likagulidwa. Mwamuna akapeza njira yachidule simungamuchotsepo. Yake inali yopinda chitenje changa kanayi n'kuchiyala pamsana kuti mankhwala asamuwotche khungu, ndipo akamaliza ankachiponya m'beseni kuti ndichape. Lachiwiri lina m'beseni munali matewera, choncho anachikoleka pamtengo wa nkhokwe, pansi pa denga, osandiuza.

Lachitatu m'mawa zitenje zanga zonse zinali pachingwe zikudontha madzi. Chouma chinali chimodzi chokha, cha pa nkhokwe. Ndinali ndi chimfine choti ngakhale mukanandiwotchera tsabola pamphuno sindikanamva kanthu. Ndinachikutumula kamodzi, n'kubereka mwana, n'kunyamula khasu.

Analira njira yonse ya kumunda. Analira pamzere woyamba ndi wachiwiri. Kenako, belu la buleki litangolira kusukulu ya kutsidya, anatonthola. Mutu wake unatsamira pakati pa mapewa anga. Ndinayamba kupalira mwaulemu ngati mkamwini, khasu osaligunditsa pamwala, chifuwa ndikuchimeza kuti ndisatsokomole. Kumsana kunanyowa, ine n'kumati ndi thukuta. Ndinamaliza mizere khumi ndi inayi, ntchito imene inandikanika sabata yonse.

Chinandiimitsa ndi mabere. Anadzaza mpaka kuwawa, ndiye ndinakhala pachulu n'kumasula chitenje kuti ayamwe. Mwana anangogwera m'manja mwanga, khosi lili lende. Dovu linali litanyowetsa malaya ake onse, thupi likutuluka thukuta lozizira, mpweya ukumveka ngati madzi akuwira pansi pa mphika. Ndinamutsegula diso. Kadontho kakuda kaja kanali katachepa ngati njere ya bonongwe.

Ndinathamangira kumunda wa thonje kumene Alfonsi ankazula udzu. Anayang'ana mwana, n'kuyang'ana chitenje chili paphewa panga, nkhope yake n'kugwa.

“Amake Chikumbutso, chitenje ichi mwachitenga kuti?”

“Pa nkhokwe.”

Anathamangira kwa a Howard, aneba athu amene ali ndi njinga yamoto, ndipo tinakwerapo anthu atatu, mwana wachinayi, m'matope mpaka kukiliniki. Anesi ananunkhiza chitenjecho kamodzi n'kuchiponya panja. Anamuvula mwana, kumusambitsa ndi sopo thupi lonse, kumubaya jekeseni, n'kundiuza kuti inenso ndivule bulauzi ndisambe kumsana. Anatero akuimbira kale ambulansi ya ku Chipata.

Tinakhala m'chipatala masiku asanu. Awiri oyamba Chisomo anali ndi chubu m'mphuno, ine ndili pabenchi ndikufinyira mkaka m'kapu kuti mabere asatupe. Tsiku lachitatu anatsegula maso. Tsiku lachinayi anayamwa, n'kundiluma. Adokotala anati khungu la khanda limamwa mankhwala msanga kuposa la munthu wamkulu, makamaka likanyowa ndi thukuta, ndiponso mwanayo ayenera kuti ankatafuna m'mphepete mwa chitenje chifukwa cha nkhama zoyabwa. Anati tikanachedwa pang'ono tikanabwerera kumudzi ndi nkhani ina.

Panopa mwana akuyenda chogwira khoma. Alfonsi sipuleya ija anaiphwanya ndi nkhwangwa, kupusa kwake, moti tsopano amabwereka ya a Howard. Amauza aliyense, kutchalitchi, kumphakati, ngakhale m'minibasi, kuti mlandu ndi wake, anatsala pang'ono kupha mwana wake ndi ulesi. Azimayi amandigwira dzanja n'kumati pepani amake Chikumbutso, amuna ndi otero. Ine ndimangovomera ndi mutu.

Pali funso limodzi limene Alfonsi sanalimve, chifukwa anali atatuluka kukagula sopo. Linali tsiku loyamba ku Chipata. Asisita a muwodi, mayi wachikulire wotopa ngati ine ndemwe, anakhala pambali panga ndi fayilo.

“Amai, mwana analeka kulira nthawi yanji?”

“Belu la buleki litalira. Kapena teni koloko.”

“Nanga munam'masula kumsana nthawi yanji?”

“Dzuwa lili pamutu.”

Analemba, kenako anaima, bolopeni ili m'mwamba. Sanafunse mokalipa. Anafunsa ngati munthu amene akungofuna kudzaza mzere wotsala papepala.

“Maola awiri. Mwana wakhala alira masabata awiri, lero wangoti zii. Imwe munali kuganiza chiyani?”

Ndikanatha kunena za chimfine, za mvula, za mtedza umene unali kumira m'udzu. Zonsezo zinali zoona. Koma ndinalibenso mphamvu zosankha mawu.

“Ndinali kuthokoza Mulungu kuti wagona,” ndinatero.

Asisitawo sanalembe zimenezo.