Denga la Rosmaniar Lavala Magalasi

Darwis atatsika pa njinga yamoto imene inamunyamula kuchokera ku Batusangkar, sanayambe waona mlongo wake. Anaona denga.

Zaka zonse zimene anakhala ku Rotterdam, akutsuka mbale za eni ndi kumeza mabuku a m'laibulale, denga limenelo ankaliona akangotsinzina: lobwafuka pakati ngati msana wa njati, nsonga zake zitaloza kumwamba ngati nyanga. Analifotokozera Adatchi mpaka anayamba kumuzemba. Ndiye lero pamsana pa njatiyo panali masola, zigamba zakuda zamakona anayi, zojambulidwa timizere ngati pepala la masamu. Denga lopindika, masola owongoka ngati zitseko. Sizinagwirizane, ndipo m'mipata yotsala nkhunda zinali zitamanga kale mudzi.

"Ros! Nyumba ya amayi mwaiveka magalasi akuda ngati mbava?"

"Mwafika achimwene?" anatero Rosmaniar, akupala kokonati pakhonde. "Ifenso tili bwino, zikomo pofunsa."

Kuno nyumba ndi ya akazi. Mwamuna amabadwiramo, amapita kukasaka moyo kutali, akabwera amapatsidwa mkeka ndi ulemu. Ulemu wa Darwis unali umodzi: ndiye malume wamkulu wa Elvina, mwana wa Rosmaniar, amene ankakwatiwa Lamulungu. Akuchimuna akaperekeza mkwati kudzalowa m'nyumba ya mkazi wake, malume ndiye amaima pansi pa masitepe kuwalandira ndi mawu. Mawuwo Darwis anali atawasema kwa zaka, miyambi pamwamba pa miyambi. Koma akawanene kutsogolo kwa chinthu chimenechi?

"Taona khomali," Darwis anauza Elvina, akusisita matabwa osemedwa maluwa ofiira ndi agolide. "Palibe mzere wowongoka ngakhale umodzi. Chakuda cha makolo, ulusi uja ankafolera denga, chinali ndi ulemu. Icho pamwambapo ndi chakuda cha foni yothima."

"Malume, masolawo ndi amene amayendetsa fani ndi filiji."

"Agogo ako anakhala moyo wonse opanda fani."

"Ndiye anamwalira akutuluka thukuta."

Lachinayi, akazi onse atapita kumsika kukagula tsabola, Darwis anabweretsa amuna ofolera a m'mudzi wina ndi mitolo ya ulusi wakuda wa kanjedza, umene makolo ankafolera nyumba. Anaupeza movutikira, poti masiku ano amaugula ndi eni mahotela okha. Pansi pa masola panali malata adzimbiri, amene anaikidwa iye ali kunja popanda womufunsa. Analamula kuti zonse zikwiriridwe, mbali yoyang'ana kumsewu. Pomwe dzuwa linkapendeka, nyumba inali itabwerera kwa mwini wake, Darwis wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri amene anachoka pamudzipo kalekale. Anaima pabwalo, misozi ikulengeza.

Rosmaniar pobwera anatula dengu, nayang'ana m'mwamba nthawi yaitali.

"Ndine malume pano," anatero Darwis, asanafunsidwe.

"Ndinudi. Ine ndili ndi nyama ya njati yonse yoti ndiitakase pamoto, ndilibe mphamvu zotakasa inu. Koma chilichonse chikalakwika, achimwene, mudzakwera nokha."

Lamulungu linafika ndi ng'oma. Akuchimuna anatulukira pamsewu mumzere, amayi atasenza mbale zovindikira ndi nsalu zagolide, mkwati Hendrizal akuyenda pansi pa ambulera yachikasu ngati mbuzi yomvera. Darwis anaima pansi pa masitepe atavala zakuda zopetedwa golide, nsalu yaulemu itakulungidwa kumutu. Anatsokomola, natsegula pakamwa.

Mzere unaima. Amene anauimitsa anali mayi ake a mkwati, Hajah Asnimar, ogulitsa nsalu ku Bukittinggi, zibangili kufika m'chigongono. Anayang'ana denga, anatulutsa foni, anayang'ananso denga.

"Tasochera. Nyumba yake si imeneyi."

"Ndi yomweyi, mayi," anatero Rosmaniar ali pakhonde.

"Ayi. Pachithunzi chimene munatitumizira pali masola. Akuda bwino, osalala ngati madzi a m'munda wa mpunga. Ndinaonetsa msika wonse! Ndiye lero ndikupeza chisa cha khwangwala? Munagulitsa eti? Kapena munangobwereka tsiku lojambula?"

Khamu linayamba kung'ung'udza. Ndipo mdzakhali wina, mwa aja amene Mulungu anawapatsa mawu nawamana nzeru yodziwa nthawi yolankhula, anasuzumira pazenera nafuula kuti mabatire anatha dzulo, ayezi wasungunuka, mkwatibwi penti ikutsika kumaso.

"Mayi," anayamba Darwis ndi mawu ake aja osemedwa, "makolo athu anati njati imadziwika ndi..."

"Makolo anu ali kumanda, bambo, kumeneko fani safunika. Mwana wanga ndi telala, amasoka pa makina amagetsi. Ndikumutula m'nyumba ya eni, kumene alibe ngakhale msomali wake. Ndimusiye mumdima kuti inu muzisangalala poyang'ana denga? Hendri, tembenuka."

Hendrizal anatembenuka, ambulera n'kutembenuka naye. Kuseri kwa nsalu ya pazenera kunamveka kulira kwa Elvina, ndipo sikunali kulira kwa mwambo.

Rosmaniar sanakweze mawu. "Makwerero ali kuseri kwa nkhokwe, achimwene."

Munthu amene anawerenga mabuku m'zilankhulo zitatu anakwera denga la mlongo wake atavala zaulemu, ana akumuimbira m'manja. Malata ankaotcha. Anamasula zingwe ndi zala zozolowera sopo, nayamba kuponya pansi mitolo. Sola loyamba litatulukira, likunyezimira ngati lasamba, akuchimuna anati "Aaa!" ngati avundukula mbale ya nyama. Hajah Asnimar analiyang'ana ndi diso logulira nsalu, mutu atapendeka.

"Linalo? Tiwone onse, bambo. Osabisa."

Anavundukula onse. Mu lomaliza anaonamo mitambo, nyanga ya denga, ndi nkhalamba ina yathukuta yovala ngati mfumu ya m'sewero. Anakweza maso. Kuchokera pamenepo mudzi wonse unkaoneka mpaka ku mzikiti, ndipo denga lililonse la munthu wodzilemekeza linali ndi zigamba zake zakuda. Mudzi umene anausunga m'mutu ngati dzira unali utaswa kalekale, n'kuuluka osatsanzika.

"Eya," anatero Hajah Asnimar pansipo. "Nyumba yake ndi imeneyi. Hendri, tembenukanso."

Ng'oma zinayambiranso. Wojambula zithunzi anadandaula kuti makwerero akuipitsa chithunzi, ndipo anthu awiri achangu anawanyamula n'kupita nawo kuseri. Darwis anaitana, koma ndani amamva malume ng'oma zikulira? Mawu olandira alendo anawanena Yurnalis, msuweni wogulitsa matayala, akuwerenga pafoni. Sanachedwe nkomwe. Anthu anamuyamikira kwambiri chifukwa mpunga unali usanazizire.

Mkwati anasambitsidwa mapazi, nakwera masitepe. Patapita kanthawi, pansi pa malata panamveka kulira kwa fani, kenako kuseka kwa akazi. Zenera la chipinda cha mkwatibwi linatseguka, ndipo mawu a Elvina anakwera, osangalala ngati sanalirepo.

"Malume! Muli pomwepo?"

"Ndipita kuti?"

"Amayi akuti makwerero abwera anthu akatha kudya. Akutinso poti muli pafupi, mupukuteko la kumanzerelo. Nkhunda zinanyerapo."

Darwis anayang'ana sola la kumanzere. Nkhunda zinalidi zitachita zazikulu. Anafufuza m'matumba, osapeza kanthu. Anamasula nsalu yaulemu ija kumutu, naipinda kawiri, nayamba kupukuta.