Mawu Ochokera Kum'mwera kwa Krete

Evanthia Marinaki anadikira milungu itatu kuti kuche kopanda mphepo ku gombe la kum'mwera kwa chilumba cha Krete. Kukatentha chonchi, mpweya wofunda umagona pamwamba pa mpweya wozizira wa panyanja, ndipo pakati pake pamakhala ngati ngalande imene mafunde a wailesi amayendamo mtunda wautali osafooka. Ntchito yake inali youlutsa droni, kandege kopanda munthu, yonyamula kawailesi mpaka ilowe m'ngalandemo, kuti alankhulane ndi anzake ofufuza amene anali pa sitima kutali kwambiri.

Bambo Lefteris, amene anakalambira pa ntchito ya wailesi m'sitima, anakhala pa bokosi atavala zomvetsera m'makutu.

"Takakweza kachiwala kakoko, mwana wanga. Ndikungomva phokoso lokhalokha."

"Dekhani, bambo, mwina ndi makutu anuwo."

Mkuluyo sanaseke. Mwachizolowezi chake anali atatembenuzira wailesi pa njira imene a panyanja amaitanirapo thandizo, ndipo nkhope yake inali itasintha. Anakweza mawu a wailesiyo kuti Evanthia amve. Wolankhulayo anali mwamuna, mawu osasa, Chingelezi chodukaduka. Anati dzina lake ndi Tesfalem, injini yafa, madzi akulowa, m'botimo muli anthu makumi asanu, ena ndi ana.

"M'bale wanga, ndikukumva," anatero Lefteris. "Yang'ana pa foni yako, undiwerengere manambala a pamene muli. Usathamange, nambala imodziimodzi."

Mawu aja ankabwera n'kuzimirira. Evanthia anatsitsa droni pang'ono, n'kuikwezanso, mpaka anamveka bwino. Kenaka chiwongolero cha droni chinayamba kulira m'manja mwake.

"Batire ikutha, bambo. Ikufuna kubwerera yokha."

"Ikabwerera ndiye kuti tamutaya."

Ntchito yake ya zaka ziwiri inali pa droniyo. Anadina batani loiletsa kubwerera. Lefteris ankalemba pachikhatho. Atangolemba nambala yomaliza, droni ija, imene inkaoneka ngati kadontho kakuda, inapendama n'kugwera m'madzi. Wailesi inangoti zii.

Anaimbira opulumutsa anthu panyanja, kenaka anakhala pamiyala mpaka dzuwa kupendeka. Buledi ndi tchizi zimene anatenga sanazikhudze.

M'mawa mwake anapita ku doko. Anapulumuka anthu makumi anayi ndi atatu. Lefteris anayenda pakati pawo akutchula dzina lija, mpaka mayi wina wofunda bulangeti anadzutsa mutu. Anati boti litapendekeka, Tesfalem analumphira m'madzi kutsatira mwana wa mlongo wake. Mwanayo anali apo, ali m'tulo pamiyendo ya mayiyo.

"Nanga iyeyo?" anafunsa Evanthia.

Mayiyo analoza kumene kunali matupi ofunditsidwa nsalu.

Pobwerera, Lefteris anapempha kuti aime pa katchalitchi ka m'mbali mwa msewu. Anayatsa kandulo n'kuima nthawi yaitali, chipewa chili m'manja. Evanthia anamudikira pakhomo, kenaka nayenso analowa.