Kaseti ya Jobson Kudimba la Alamu

Jobson anafika kwa mkazi wake ku Chiosya Lachisanu masana, fumbi la pa Kamwendo lili mbuu m'tsitsi, mtima uli pa chinthu chimodzi basi. Anali atatha masabata atatu akuyendetsa thiraki ya feteleza pakati pa Lilongwe ndi Lusaka popanda nyimbo, chifukwa wailesi ya m'galimotomo inali itayamba khalidwe lotafuna makaseti. Ndiye kaseti yake yapamtima anaisiya kunyumba, pansi pa zovala m'sutikesi, ati isungike bwino. Kusungika kwakeko mukumva pompano.

Kasetiyo sinali yogula pamsika. Anamujambulira makaniko wina wachikulire wa ku Lusaka, amene anali ndi mulu wa malekodi akale a azungu, a nyimbo za roko yaitali ija, yoti nyimbo imodzi imadzaza mbali yonse ya lekodi: kuyamba ngati ya m'tchalitchi, kuthamanga, kuima, kuyambiranso kwina. Mkuluyo ankati dzina lake ndi pulogiresivu. Zoimbaimba za azunguwo Jobson analibe nazo ntchito. Chimene chinamugwira ndi pamene onse ankatonthola n'kusiyira woimba lipenga la sakisafoni kuti alankhule yekha. Kwa zaka zinayi, thiraki ikalowa m'galaja, ankakhala pansi ndi mkulu uja n'kumadula zigawo zokhazo, kuzisanja pa kaseti imodzi mpaka zinakwana khumi ndi zinayi. Makaniko anamwalira mu 2000, ana ake anagulitsa malekodi onse, ndipo Jobson sankadziwa dzina la gulu ngakhale limodzi. Akanafuna ina, akanakafunsa kwa ndani, n'kukati akufuna chiyani?

Chigawo chachitatu cha kumbali yachiwiri ndicho chinali chakechake. Lipengalo linkayambira pansi, mozengereza, moti unkamva mpweya wa munthuyo, kenako n'kukwera, kukwera, mpaka kukasweka pamwamba penipeni ngati mawu a munthu amene wadziletsa kulira nthawi yaitali. Jobson ankachiika akangomaliza za mapepala pa boda, ndipo kutopa konse kunkatsalira kumbuyo.

M'sutikesi anapezamo kaseti ya kwaya ndi ziwiri za rumba. Yake munalibe.

"Mayi a Princess, kaseti yanga ija ya chilembo chofiira ili kuti?"

Vera, mkazi wake, ankaswa mtedza pakhonde ndipo sanadzutse n'komwe mutu. "Yowonongeka ija? Anatenga achimwene. Ili kudimba."

"Kudimba kuli wailesi?"

"Pitani mukaone nokha. Achimwene nzeru ali nazo ndithu."

Anaziona nzeruzo akadali patali. Pamwamba pa matimati a Gerald, mlamu wake, pankaphethira chinthu chobiriwira padzuwa. Tepi yonse inali itasololedwa m'chikhokho chake, yazengerezedwa pa timitengo kuchoka kuchitsime mpaka kumpanda, kubwerera, kupitanso, ikulira yokha fiii ndi mphepo. Pena inali itamangidwa mfundo. Pena inakhudza pansi n'kumatirira mu ndowe za mbuzi zimene Gerald ankathira m'mizere. Pafupi ndi mpanda mbalame ina yolimba mtima inali itaichitira chimbudzi, choyera, chouma kale.

Mwini dimba anali khale pa ndowa yovundikira, akudya nzimbe n'kumalavula zotsalira pakati pa mapazi ake.

"Alamu, mwatipeza! Mwaiona ntchito? Apumbwa onse anasamuka. Sabata ino ndatengera ku Kamwendo madengu atatu, opanda ngakhale limodzi lojompha."

"Kaseti imeneyi, alamu..."

"Ayi, musade nkhawa, ine si munthu wongotola zinthu. Ndinayamba ndaziyesa zonse zinayi. Zitatu zija zikuimba bwinobwino, sindinazikhudze. Koma iyi anakuberani, alamu. Mulibe woimba ngakhale mmodzi! Mawu onse anafufutika, kwangotsala kahutala, pwii, pwii, nyimbo osayamba, osatha. Ndinamvera mbali zonse ziwiri kuti mwina atulukira kutsogolo, koma zii. Ndiye ndinati m'malo mongoitaya, igwireko ntchito."

Anamaliza kulankhulako akuchotsa ulusi wa nzimbe m'mano ndi chikhadabo, nkhope ili ngwee, kudikira kuthokozedwa.

Mawu oyenera munthu wotere Jobson anali nawo, ena a Chibemba, ena a pa boda, onse okupsa bwino. Koma anali mkamwini. Nyumba ya malata imene anamanga inali pa dothi la akuchikazi, ndipo mawu amodzi okweza akanafika kwa amalume a Vera dzuwa lisanapendeke, kuti dalaivala watukwana mwini mudzi chifukwa cha kaseti yakufa. Anameza zonsezo, ndipo chimene chinatuluka m'kamwa mwake chinali chakuti, "Zikomo, alamu." Palibe chinamunyansa tsiku limenelo kuposa mawu akewo.

"Komabe ndimati ndiitenge," anawonjeza motsitsa.

"Nanga matimati anga?"

"Ndikupatsani ya rumba ija. Muzengereze imeneyo."

Gerald anasiya kutafuna. "Yamoyo ngati imene ija? Mukusinthanitsa ndi mtembo uwu? Alamu, kodi ku Lusaka mumadyako chiyani?" Anaseka mpaka kutsamwa, koma anavomera msanga, kuopa kuti munthuyo angachire misala yake.

Chikhokho cha kaseti anachipeza chitapachikidwa pa chisonga cha mpanda, nyerere zitachisandutsa mudzi. Anachigogoda pabondo. Kenako anayamba kumasula tepi kamtengo ndi kamtengo, akuikulunga pa chitsononkho, akuponda m'matope onunkha ndi nsapato zake za paulendo, Gerald akumulangiza kuti asamale mbewu. Anthu sadziwa kutalika kwa tepi ya kaseti mpaka tsiku limene aitolera m'dimba.

Loweruka lonse anakhala patebulo chitseko chili chotseka. Ankapukuta tepiyo pang'onopang'ono ndi mpango, kuongola mopindika ndi chala, kudula mfundo ndi lezala, kulumikiza ndi kyutekisi, utoto wa m'zikhadabo wa Vera, n'kumapukusa ndi bolopeni. Inali itaduka malo asanu ndi anayi. Pena dzuwa linali litaiwamba mpaka kufota, pena utoto wake unkatsalira pampango. Anasamba m'manja katatu koma fungo la mbuzi silinachoke, ndipo chakudya cha masana anachibweza osachikhudza.

Lamulungu anthu ali ku tchalitchi, anaika mabatire atsopano mu wailesi, anatembenuza kaseti, anapukusa kufika pa chigawo chachitatu, n'kudina.

Linalira lipenga, koma silinali lija. Mawu ankagwedezeka ngati a mbuzi yokokedwa ndi chingwe, kumira, kutuluka, kumiranso. Mpweya wa munthu uja sunkamvekanso, m'malo mwake munali phokoso ngati la mafuta m'chiwaya. Ndipo pamwamba penipeni, pamene lipenga linkasweka, panangomveka kuti thi, pamene iye mwini anadula mfundo, nyimbo n'kudumphira kutsogolo ngati palibe chachitika. Anabweza n'kumveranso, poganiza kuti mwina tepi sinakhale bwino. Anatsuka mutu wa wailesi ndi thonje, n'kumveranso. Anaumitsa khosi m'mawa wonse, kubweza, kumvera, kubweza, mwina maulendo makumi awiri, ngati kuti kuumirira kungaichiritse.

Vera anamupeza akadali pomwepo. Anaima pakhomo, buku la nyimbo lili m'manja, anamvetsera pang'ono, nkhope yake n'kuwala ndi chimwemwe chenicheni.

"Mwaona nanga, bambo a Princess! Yachira. Ikulira mmene inkalirira kale."

Akanakhala kuti akumuseka, bwenzi kuli bwino. Koma mkaziyo ankanena ndi mtima wonse, kumusangalalira mwamuna wake. Zaka zonsezi nyimboyi inkalira m'nyumba muno, iye akusita, akuyamwitsa, akusesa, ndipo m'makutu mwake inali yomweyi, ya mbuziyi.

"Si mmene inkalirira," anatero Jobson. Anazimitsa wailesi. "Khalani pansi, mumve. Inkatere."

Ananyowetsa milomo n'kuyamba kuimba mluzu. Anayambira pansi, bwinobwino, mozengereza. Anakwera. Koma pokwerapo mluzu unayamba kugwedezeka wokha, kumira, kutuluka, ndipo atafika pamwamba unaduka pomwe panali lezala paja n'kudumphira kutsogolo. Anaima. Anatseka maso, kufunafuna m'mutu mmene lipenga linkaswekera, chinthu chimene anachimva kambirimbiri mumsewu wa ku boda. Anangopezamo chimene wakhala akumva m'mawa wonsewo. Anayambiranso, n'kudukanso malo omwewo.

"Eya, imeneyo," anatero Vera akugwedeza mutu mokoma mtima. "Mwaitha ndithu, ngati wailesi yomwe."

Analowa kuchipinda kukavula zovala za ku tchalitchi, kumusiya Jobson milomo ikadali yosongoka.