Bawuti ya Batire la Mawamawa

Dzina loti Mawamawa anthu sanam'patse pachabe. Ankadziwa kalekale kuti batire la galimoto yake latha, latsopano anagulanso, koma linangokhala kuseri kwa chitseko mpaka m'mawa wa tsiku lotsekera sukulu, pomwe anapotokola kiyi galimoto n'kungoti khe, kenako zii.

Tsikulo silinali lochita nalo masewera. Mwana wake wamkazi ankaphunzira kusukulu yogonera komweko, kutali, kosafika basi. Teremu yapitayo analonjeza kukam'tenga koma sanapite, ndipo mwanayo anakhala pasutikesi pageti mpaka mlonda anaimbira mayi ake. Mayiwo, amene banja lawo ndi Mawamawa linatha, sanakalipe. Anangoti, "Mukalepheranso, musadzam'pemphenso kuti adzakhale kwanu patchuthi." Akanakalipa bwenzi zili bwinoko.

Anatsegula boneti n'kuchotsa mawaya popanda vuto. Panatsala kachitsulo kopana batire, komangidwa ndi bawuti imodzi yaitali. Bawutiyo inali itagwira dzimbiri, mutu wake utakutidwa ndi zoyerayera zimene batire lokalamba limalavula. Anaika sipanala n'kukoka, koma sinasunthe. Anakokanso atalumitsa mano, sipanala inapulumuka, zala n'kukamenya pachitsulo.

Mayi telala a nyumba yoyandikana, amene ankasoka pakhonde, anasiya makina n'kubwera ndi kabotolo.

"Achimwene, mwaitukwana mokwana. Donthezanipo mafuta a makinawa, mudikire alowe."

"Nthawi yodikira ndilibe, mayi."

"Munali nayo mwezi wathunthu," anatero telalayo, akubwerera pakhonde.

Anadontheza, koma kudikira kunam'kanika. Munthu wozengereza akachedwa ndi amene amapupuluma kuposa aliyense. Anatenga pulayasi, naluma nayo mutu wa bawuti, napotokola ndi mphamvu zake zonse. Makona a mutuwo anaperepeseka onse, unatsala wosalala ngati batani la malaya. Tsopano ngakhale sipanala inalibe pogwira. Thukuta linkadonthera pabatire.

Foni inalira m'thumba. Nambala inali ya amatroni, koma mawu anali a mwana wake.

"Adadi, anzanga ayamba kupita. Mwafika pati?"

"Ndikunyamuka, mwana wanga."

"Ndawauza amatroni kuti ulendo uno mubwera. Amafuna aimbire amayi, ine ndawakaniza."

Anadula foni, naibwezera m'thumba. Mwana uja anali atam'ikira kumbuyo pamaso pa anthu, iye ali pano ndi galimoto yoyasamula.

Anathamangira m'nyumba, natulutsa sowo yodulira zitsulo pansi pa bedi. Mpata unali wochepa moti chogwirira sichinalowe, choncho anachotsa mpeni wake wokha, naukulunga kansanza, nayamba kucheka pang'onopang'ono. Chikhatho chinatuluka matuza. Pomwe ankaganiza zongokhala pansi n'kulira, bawuti inati thyo.

Anatulutsa batire lakale, naika latsopano, namanga mawaya. Apa ndi pamene anazindikira kuti wadula chinthu chokhacho chimene chimaligwira. Analikankha ndi chala, linagwedera. Msewu wa kusukulu ndi wa mabampu okhaokha, ndipo batire likamadumphadumpha limadula waya kapena kuthetheka moto. Anayang'ana chingwe, palibe. Telala anam'patsa kansalu, anakakoka kamodzi n'kuduka.

Ndiye anavula lamba, naupisa pansi pa chikhaliro cha batire, namanga zolimba. Buluku linali la masiku aja ankadya bwino, linayamba kutsetsereka pompo. Analigwira ndi dzanja limodzi, nalowa m'galimoto, napotokola kiyi. Injini inalira.

Njira yonse khutu linali kuboneti. Bampu lililonse ankalikwera ngati wanyamula mazira, pomwe mtima ukum'uza kuti aponde moto. Ankadutsana ndi magalimoto obwerera, ana a eni ake atasuzumira pamawindo, ndipo iliyonse inkam'wawa.

Atafika, pageti panali mbee. Panatsala mlonda, amatroni atagwira foni m'manja, ndi mwana mmodzi atakhala pasutikesi. Injini anaisiya ikulira, poopa kuti akazimitsa mwina siyakanso. Anatsika dzanja lamanzere lili pabuluku, malaya ali mafuta okhaokha.

Mwanayo sanathamange. Anaimirira, nam'yang'ana kaye ngati akufuna kutsimikiza, kenako anabwera atatambasula manja onse awiri. Mawamawa anaona kuti dzanja limodzi silikwana. Anasiya buluku, namukumbatira. Buluku linatsikira m'mapazi, mlonda anayamba kuyang'ana mitambo, amatroni anabisa nkhope kuseri kwa foni.

Mwanayo sanaone chilichonse, nkhope inali pachifuwa cha bambo ake.

"Ndinayamba kulira, adadi," anatero chapansipansi. "Koma pang'ono pokha."